Kodi Mphunzitsi Achonge Bwanji Chithunzi Chokonzedwa pa Kompyuta?

Pa 10 March chaka cha 2024 a ku nyumba yachifumu ya ku Britain anatulutsa chithunzi cha Catherine, mkazi wa Prince William, ali chikhalire pa mpando, ana ake atatu atamzinga, onse akumwetulira. Tsikulo lisanathe, makampani akulu amene amagawira manyuzi a pa dziko lonse nkhani ndi zithunzi, ndiwo Associated Press, Reuters, AFP ndi Getty, anatumiza mau kwa akonzi onse kuti achichotse, pakuti panali zizindikiro zakuti wina anachisintha. Amene anachipenyetsetsa anaona kuti mkono wa juzi ya mwana wamkazi sunalumikizike bwino ndi dzanja lake. M'mawa mwake mai wa anawo anapepesa poyera, nanena kuti iye, monga ambiri ojambula mongosangalala, nthawi zina amayesako kukonza zithunzi zake.

Nkhaniyi ionetsa pamene dziko lafika. Nchito imene kale inali ya amisiri owerengeka, ogwira m'chipinda cha mdima ndi mankhwala otsukira filimu, lero iri m'manja mwa mai ali yense wokhala ndi foni, ndiponso m'manja mwa mwana wake wa Fomu 1. Maiko ambiri, poona ichi, aika luso lokonza zithunzi pakati pa zinthu zophunzitsidwa m'kalasi. Kwathu kunonso, kumene Computer Studies liri limodzi la maphunziro oyesedwa ndi bungwe la MANEB pa mayeso a MSCE, mphunzitsi wa phunziroli sangapite kutali asanakomane ndi chithunzi, pakuti palibe kalata ya nkhani, chikwangwani kapena tsamba la pa intaneti limene mwana angaphunzire kupanga popanda icho.

Tsono chophunzitsidwa chiri chonse chiyenera kuyesedwa, ndipo bvuto lagona pamenepa. Samu iri ndi yankho limodzi: mphunzitsi achonga kapena aika mtanda, nkhani yatha. Nanga ana 40 akabweretsa zithunzi 40, china chofiira china chobiriwira, malikisi adzagawidwa potsata chiyani? Ambiri angangopatsa malikisi ochuluka chimene chawakomera m'maso. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi chotsirizika ndi mboni yosakhulupirika. Chikhoza kukongola pamene mwini wake sadziwa kanthu, chikhozanso kuoneka wamba pamene mwana wachita zonse mwa dongosolo. Wochonga wofuna chilungamo ayenera kuona njira imene mwana wayenda kuchokera pa chithunzi choyamba kufikira pa chotsiriza, ndi kumva kuchokera pakamwa pa mwanayo chifukwa chake anadzera njira imeneyo.

TIMADONTHO TA MANAMBALA

Tisanafike pa mayeso, tiyambe taona chimene chiphunzitsidwa. Chithunzi cha pa kompyuta ndi timadontho tambirimbiri tondandalikidwa m'mizere, monga mikanda pa lamba, ndipo kadontho kamodzi dzina lake ndi pikiselo. Woyamba kulowetsa chithunzi mu kompyuta anali Russell Kirsch wa ku America, m'chaka cha 1957. Chithunzicho, cha mwana wake wakhanda, chinali ndi timadontho 176 m'litali ndi 176 m'lifupi, ndiko kuti 30,976 tonse pamodzi. Foni wamba ya lero ijambula chithunzi cha timadontho 12 miliyoni kapena kuposa. Kadontho kali konse kasungidwa ngati manambala atatu, ya kufiira, ya kubiriwira ndi ya buluu, iri yonse yoyambira pa 0 kulekezera pa 255. Mukachulukitsa 256 ndi 256 ndi 256 mupeza mitundu 16,777,216.

Kukonza chithunzi, pamenepo, ndiko kusintha manambala amenewa ndi kusuntha timadontho. Mwana amene wagwira mfundo iyi sadabwa pomuuza kuti akawalitsa chithunzi mopitirira, malaya oyera a mkwati adzasanduka banga lopanda makwinya kapena mabatani, chifukwa nambala ikafika pa 255 iribenso kopita. Amvanso msanga chifukwa chake chithunzi chooneka bwino pa foni chituluka cha timabokosi chikasindikizidwa pa pepala lalikulu. Osindikiza afuna timadontho ngati 300 pa inchi iri yonse, kotero kuti chithunzi chodzaza pepala la A4 chifunika timadontho 2,480 m'lifupi ndi 3,508 m'litali. Chimene chadzera pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse chifika chitachepetsedwa kale kuti chiyende msanga, ndipo timadontho totayika sitibwerera pochikoka m'makona.

Apa akalaliki ndi alembi a m'maofesi asaseke ana. Ndani sanaonepo lipoti la pachaka kapena kalendala momwe nkhope ya munthu wolemekezeka yakokedwa m'mbali kufikira yafanana ndi dzungu, kapena yatalikitsidwa ngati chithunzithunzi cha munthu dzuwa likamalowa? Cholakwa chake ndi chimodzi: wokonza anakoka mbali imodzi yokha, osasunga kulingana kwa m'litali ndi m'lifupi. Ndi phunziro la mphindi 5, koma ambiri ogwira nchito lero sanalipatsidwe.

Pali zina ziwiri zimene mphunzitsi sayenera kulumpha. Choyamba ndi kasungidwe. Mtundu wa fayilo wotchedwa JPEG, umene unakhazikitsidwa m'chaka cha 1992, uchepetsa kulemera kwa chithunzi potaya zina zimene diso silizindikira msanga. Koma mwana akatsegula, nasintha, nasunganso kakhumi, zotayika zichuluka kufikira zioneka. PNG sitaya kanthu, ndipo ilola kuti kumbuyo kwa chizindikiro cha sukulu kukhale koonekera ngati galasi. Chachiwiri, chimene chiri mtima wa nkhani yathu, ndi zigawo zosanjikizana zimene pa Chingerezi azitcha layers. Wokonza wodziwa sakhudza chithunzi choyamba. Aika pamwamba pake chigawo cha mau, china cha mthunzi, china cha chizindikiro, monga mapepala oonekera osanjikizidwa, ndipo chiri chonse akhoza kuchisuntha, kuchibisa kapena kuchichotsa osaononga zinzake. Fayilo yosungidwa ndi zigawo zake isimba mbiri yonse ya nchitoyo kwa ali yense woitsegula. Mfundo imeneyi tidzaifunanso kutsogoloku.

KALASI LOPANDA MAGETSI

Pulogalamu yotchuka koposa pa nchitoyi ndi Photoshop, imene anaiyamba abale awiri, Thomas ndi John Knoll, m'chaka cha 1987. Kampani ya Adobe inayamba kuigulitsa mu 1990, ndipo zigawo zija zinalowamo mu 1994. Kuyambira 2013 woifuna saigulanso kamodzi kokha; alipira mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, ndipo kwa ife ndalama zake ndi zakunja. Sukulu yoyendera ndalama za Boma ndi za makolo iyenera kuyamba yawerengera. Mwamwai pali GIMP, imene anaiyamba ophunzira awiri a pa University of California ku Berkeley, Spencer Kimball ndi Peter Mattis, mu 1995. Iyi ndi yaulere, malamulo ake alola kuiika pa makompyuta onse a sukulu, ndipo ikalowetsedwa sifuna intaneti, GIMP 3.0 inatuluka mu March 2025. Ena adzati olemba anthu nchito afuna Photoshop. Nzoona, koma mwana wodziwa zigawo, kadulidwe ndi muyeso wa chithunzi adzazolowera pulogalamu ina m'masabata owerengeka, monga woyendetsa galimoto la Toyota sasowa chiongolero akalowa mu Nissan. Chifukwa chake silabasi ndi mafunso a mayeso zitchule luso lofunika, dzina la malonda zilisiye.

Bvuto lathu lalikulu liri pena. Kalembera wa anthu wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 ali onse, 11 okha ndiwo ankaunikira nyumba zao ndi magetsi. Masukulu ambiri a kumudzi sasiyana ndi nyumba zowazinga. Ndipo kumene makompyuta alipo, kawiri kawiri ana angapo aunjikana pa imodzi, mmodzi agwira, enawo angopenya.

Komabe mbali yaikulu ya phunziroli ikhoza kuyamba magetsi kulibe. Pepala la timabokosi la masamu ndi chithunzi cha mapikiselo kale: mwana ajambule chambo m'mabokosi 8 ndi 8, kenaka m'mabokosi 32 ndi 32, adzaona yekha chimene kuchuluka kwa timadontho kuchita. Mapepala atatu a pulasitiki oonekera, limodzi lojambulidwa phiri, lina mtengo, lina mau, aphunzitsa zigawo bwino koposa choko ndi bolodi. Timakatoni tiwiri todulidwa ngati chilembo cha L, tikaikidwa pa chithunzi cha m'nyuzi yakale, tionetsa kadulidwe: mukatisunthira uku, chithunzi chinena za mlimi ndi nkhokwe yake yodzala, mukatisunthira uko, chinena za mwana wopanda nsapato amene waima pambali pake. Ana amene achita izi asanakhale pa kompyuta sataya ola lao lochepa kufunafuna chochita. Afika ndi pulani m'manja.

MALIRE A CHOONADI

Timakatoni tija tatifikitsa pa mbali imene aphunzitsi ena aiyesa ya abusa ku tchalitchi, chonsecho iri ya m'kalasi ndithu. Kodi chololedwa kusintha ndi chiyani? Chinyengo cha zithunzi nchakale kuposa kompyuta. Ku Soviet Union, Nikolai Yezhov, mkulu wa apolisi achinsinsi, anajambulidwa akuyenda pambali pa Stalin m'mphepete mwa ngalande ya Moscow. Ataphedwa mu 1940, chithunzicho chinatulukanso iye palibe, pamalo pake pali madzi okha. Mu February 1982 magazini ya National Geographic inasendeza mapiramidi a ku Giza kuti ayandikane ndi kukwana pa chikuto, ndipo inadzudzulidwa kwambiri. Mu August 2006 a Reuters anapeza kuti wojambula wina wowagulitsa zithunzi, Adnan Hajj, anachulukitsa utsi pa chithunzi cha mzinda wa Beirut utaphulitsidwa ndi ndege za nkhondo. Anasiya kugwira naye nchito, nachotsa zithunzi zake zonse 920 m'nkhokwe yao. Chinamgwiritsa nchakuti utsi wokopedwawo unali ndi mapindikidwe ofanana obwerezabwereza, zimene utsi weniweni suchita.

Pa zochitika zotere atolankhani anamangapo lamulo losabvuta kulimva. Chithunzi choperekedwa ngati umboni wa chimene chinachitika chikhoza kudulidwa m'mbali, kuwalitsidwa kapena kudetsedwa pang'ono kuti chioneke monga maso anaonera, koma munthu saonjezamo kanthu, sachotsamonso kanthu. Chikwangwani cha malonda kapena chikuto cha buku la nthano chiri ndi ufulu wochuluka, pakuti woona adziwa kuti nchopanga. Ngakhale pamenepo maiko ena aika malire: ku France, kuyambira pa 1 October 2017, chithunzi cha malonda chimene thupi la munthu lanenepetsedwa kapena kuondetsedwa chiyenera kulembedwa mau osonyeza kuti chakonzedwa. Mwana woti wadziwa phunziroli ayenera kutha kunena, akapatsidwa nchito, kuti nchitoyo iri mbali iti ya malire amenewa.

Pali kanthu kena kokhudza ife anthu akuda. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi la chitsanzo, lotchedwa Shirley, lokhala ndi nkhope ya mkazi wachizungu, kuti azilinganizira mitundu. Khadi la nkhope za makungu osiyanasiyana linadzabwera m'zaka za m'ma 1990. Lero mafoni ena ali ndi batani lotchedwa lokongoletsa, limene lisalaza khungu ndi kuliyeretsa. Mphunzitsi adzapeza ana akuwalitsa nkhope zao kufikira mai wao weniweni sangawadziwe. Kutulutsa bwino nkhope yakuda pa chithunzi chojambulidwa dzuwa liri kumbuyo, maso ndi masaya zioneke koma khungu likhale lake lomwe, ndi luso lenileni, lobvuta kuposa kuika nyenyezi ndi maluwa m'mbali, ndipo liyenera malikisi ake.

Malamulo a dziko lino nawonso sali chete. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linaika chilango pa kuzunza munthu pogwiritsa nchito kompyuta ndi pa zithunzi zolaula za ana, ndipo Copyright Act ya chaka chomwecho inateteza mwini chithunzi. Mnyamata woika mutu wa mnzake wa m'kalasi pa thupi la wina nkutumiza pa mafoni ayesa nthabwala. Mtsikana wochitiridwa zimenezi akhoza kusiya sukulu. Wopatsa mwana mpeni amsonyezenso mbali yakuthwa.

NJIRA ZIWIRI ZOYESERA

Tsopano tibwere ku mayeso. Ku England kunachokera njira ziwiri zoyenera kuzipenda, pakuti iri yonse iri ndi mphamvu pamene inzake ifooka.

Yoyamba ndi ya Cambridge IGCSE, mayeso amene ana a masukulu ena a m'dziko muno, monga Kamuzu Academy ku Mtunthama, amalemba. M'phunziro lake la Information and Communication Technology, monga mwa silabasi ya 2023 mpaka 2025, muli mapepala atatu: limodzi lolemba ndi awiri ochita pa kompyuta, liri lonse la awiriwa la maola 2 ndi mphindi 15. Zithunzi ziribe pepala la izo zokha. Zilowa m'kati mwa nchito zina. Mwana apatsidwa fayilo, nauzidwa kuti achepetse chithunzi kufika pa muyeso wakuti osachipotoza, achidule kuti patsale chinthu chakuti chokha, achitembenuze, achiike ku dzanja lamanja la ndime yakuti. Pa zimene sizioneka pa pepala losindikizidwa, ajambula chimene chiri pa sikirini nachiika m'chikalata cha umboni chokhala ndi dzina ndi nambala yake. Ubwino wa njirayi ngwoonekeratu. Ana onse achita nchito imodzi, nthawi imodzi, woyang'anira ali pompo, ndipo ochonga awiri osadziwana apereka malikisi ofanana, chifukwa chithunzi chikwana masentimita 4 m'lifupi kapena sichikwana. Kufooka kwake nkwakuti mwana sasankha kanthu. Angathe kukhoza mafunso onse osafunsidwa nkamodzi komwe ngati chithunzicho chiyenerana ndi uthenga wake. Dzanja layesedwa, mutu watsala.

Yachiwiri ndi ya bungwe la OCR, m'maphunziro ake otchedwa Creative iMedia, a ana a zaka 14 mpaka 16. M'gawo la zithunzi, limene kale linkatchedwa R082 ndipo mu 2022 linalowedwa m'malo ndi R094, bungwe lipereka nchito yonga ya kasitomala weniweni: kampani yakuti ifuna chikuto kapena chikwangwani cha anthu akuti, cha muyeso wakuti. Mwana alemba chimene wamva kuti kasitomala afuna, ajambula pulani, asonkhanitsa zithunzi zogwiritsa nchito nasamala kumene wazitenga ndi ngati ali ndi chilolezo, apanga chithunzicho, nachisunga m'mtundu wa fayilo woyenera kumene chikupita. Achonga ndi mphunzitsi wake potsata ndondomeko ya bungwe, ndipo bungwe liitanitsa nchito za ana ena kuti lione ngati mphunzitsiyo sanaolowe manja kapena kuumitsa. Iyi ndiyo nchito monga ichitikira kunja kwa sukulu. Koma itenga masiku ambiri, ndipo masiku akachuluka manja achulukanso. Mphunzitsi wachifundo athandiza mopitirira. Mwana wa bwana ayeserera kunyumba usiku uli wonse pa kompyuta ya bambo wake, pamene mwana wa mlonda adikira Lachitatu, tsiku la kalasi lao. Kwathu kuno kusiyana kumeneku kungakhale phompho.

MAKINA AYAMBA KUJAMBULA OKHA

Chaka cha 2023 chinagwedeza njira zonse ziwiri, makamaka yachiwiri. Mu April mmisiri wina wa ku Germany, Boris Eldagsen, anapambana mphotho pa mpikisano wa Sony World Photography Awards ku London, naikana poyera, nati chithunzi chakecho sichinatuluke mu kamera. Anachipanga ndi makina a nzeru zochita kupanga, amene ambiri awatcha AI. Mu May a Adobe anaika mu Photoshop chida chotchedwa Generative Fill: munthu azunguliza malo pa chithunzi, alemba mau akuti pakhale bwato, ndipo bwato lioneka, ndi mthunzi wake womwe pa madzi. Nchito imene inkafuna maola ndi dzanja lokhazikika yasanduka ya masekondi. Mphunzitsi wochonga kukongola kokha tsopano achonga makina.

Bungwe la Joint Council for Qualifications, limene ligwirizanitsa mabungwe akulu a mayeso a ku Britain, linatulutsa malangizo mu March chaka chomwecho, onena kuti mwana wogwiritsa nchito zida zotere atchule chimene wagwiritsa, asunge mau amene analemba ndi chimene makina anampatsa, ndi kuti kupereka nchito ya makina ngati yake ndiko kubera mayeso. Malangizowo ngabwino, koma adalira kuti mwana aulule. Njira yolimba koposa anaionetsa kale a World Press Photo ku Amsterdam, amene ayendetsa mpikisano wa zithunzi za atolankhani kuyambira 1955. Iwo sakhutira ndi mau a wojambula: aitanitsa fayilo yoyamba monga inatulukira mu kamera, naiika pambali pa imene wapereka. M'chaka cha 2015, atachita chotero, anachotsa chimodzi mwa zithunzi 5 ziri zonse zimene zinafika pafupi ndi ndime yotsiriza. Ngati akatswiri odziwika afunsidwa kuonetsa pamene anayambira, mwana wa Fomu 3 sanyozedwa pofunsidwa chimodzimodzi.

NCHITO YA MPHUNZITSI WA KUNO

Tiyerekeze tsono kalasi la kwathu, la makompyuta ochepa. Mphunzitsi ajambula yekha ndi foni zithunzi zitatu kapena zinai za pa mjigo wa sukulu, china chopendekeka, china chamdima, china chokhala ndi ndowa yothyoka pambali, atapempha chilolezo kwa ali yense woonekamo. Nchito ndi iyi: pangani chikwangwani cha A4 chokumbutsa ana a pulaimale kusamba m'manja, chowerengeka munthu ataima mamita 3. Matenda a kolera amene anabvuta dziko lino mu 2022 ndi 2023 sanaiwalike, kotero ana adziwa kuti nchitoyo si yamasewera. Popeza zithunzi zoyambira ndi za mphunzitsi, iye adziwa chiri chonse chimene chinalipo ndi chimene panalibe, ndipo palibe mwana angabweretse chotola pa intaneti osaoneka.

Mwana apereke pulani ya pa pepala yolembedwa asanakhale pa kompyuta, chikwangwani chotsirizika, ndi fayilo ya zigawo zake zonse, imene mu GIMP itchedwa XCF ndipo mu Photoshop PSD. Fayilo ya zigawoyi ndiyo ipenyedwe ndi maso onse awiri. Kodi chithunzi choyamba chiripo, chosakhudzidwa, pansi pa zonse? Kodi mau ali pa chigawo chao, kotero kuti chilembo cholakwika chingakonzedwe mawa popanda kuyambanso? Kodi zigawo ziri ndi maina omveka? Muyeso wa pepala ngwoona? Mafunso otere ayankhidwa ndi inde kapena iai, monga a Cambridge aja, ndipo mwa kuona kwathu ayenera theka la malikisi.

Kenaka pali mphindi 3 za mphunzitsi ndi mwana pa kompyuta, ndipo izi ndizo za mtengo wapatali koposa. "Tasuntha mau awa apite pansi." "Bwanji unasankha chithunzi ichi nkusiya icho?" "Ndowa ija inali apa yapita kuti? Kodi ukadaichotsa chikhala kuti chithunzichi chikupita m'nyuzi?" Mwana amene anagwira yekha nchitoyo ayankha dzanja liri kale pa mausi. Amene anachitiridwa ndi mkulu wake kapena ndi makina, kapena amene anangokhala pambali pamene mnzake wa pa gulu ankagwira, aonekera pa funso loyamba lomwe. Ana 40 pa mphindi 3 ndi maola 2. Ndi nthawi yochuluka kwa mphunzitsi wa makalasi anai, sitikana, koma njochepa poyerekeza ndi madzulo amene angataye atayang'anitsitsa zithunzi nkumadzifunsa ngati ichi chiridi cha mwana uje.

Kukongola kusatayidwe kunja. Kungopatsidwa malo ake ang'ono, ndi funso lake lisinthidwe. Wochonga asadzifunse ngati chikwangwani chamkomera. Achipachike pa khoma, abwerere mamita 3 aja, aone ngati mau awerengeka ndi ngati diso liyamba kugwa pa manja ndi madzi kapena pa maluwa a m'makona. Bwino koposa, aitane mwana wa Sitandade 4 amfunse chimene chikwangwanicho chikumuuza.

Chotsala chiri kwa akulu a maphunziro a m'maboma. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mphunzitsi, ngakhale woona mtima chotani, ali ndi mitundu imene aikonda ndi ana amene awakonda. Aphunzitsi a masukulu oyandikana akomane kamodzi pa teremu, ali yense atatenga pa fulashi nchito zitatu, yapamwamba, yapakati ndi yofooka, maina atachotsedwa. Achonge yense payekha, kenaka afanizire. Pamene asiyana ndi malikisi ochuluka, kawiri kawiri cholakwa chikhala m'mau a ndondomeko yochongera, ndipo akonze mauwo asanabalalike. Msonkhano wotere sufuna hotela ya ku nyanja. Ufuna chipinda chimodzi cha magetsi, Loweruka limodzi, ndi kalata ya wamkulu yolola.

Mafayilo a zigawo ngolemera, ndipo a makalasi owerengeka akhoza kudzaza fulashi yaing'ono. Mphunzitsi wamkulu aike m'bajeti ya chaka chamawa hard disk imodzi yosungiramo nchito za ana, yokhala m'kabati yokiyidwa pamodzi ndi mapepala a mayeso, pakuti kholo likadzabwera mu teremu yachitatu kudzadandaula za malikisi a mwana wake, fayilo ya mu teremu yoyamba ndiyo idzatsegulidwe pamaso pake.